Hilux ya malemu bambo: bulu buku ikuti 1986, kachitsulo kakuti RN40R, injini ndi ya dizilo

Owerenga wina wa ku Kasungu walemba motere: "Bambo anga anamwalira chaka chatha ndipo anatisiyira Toyota Hilux yakale imene ankanyamulira fodya ndi chimanga. Yakhala pansi pa mtengo wa mango zaka zingapo osayenda, ndiye ndikufuna kuidzutsa. Mu bulu buku munalembedwa 1986. Makaniko wina akuti ndi ya m'ma 1970, wina akuti ndi ya cha m'ma 1990 chifukwa cha injini yake. Pa kachitsulo ka mu boneti ndawerengapo RN40R ndi 12R, koma galimotoyi imayendera dizilo. Kalachi imene ndinagula sinalowe. Ndikhulupirire ndani?"

Achimwene, choyamba pepani ndi imfa ya bambo. Mwaganiza bwino kuidzutsa galimotoyi, ndipo mwachita bwino koposa pokopera zimene zili pa kachitsuloko, chifukwa zilembo zisanu zija zayankha kale theka la funso lanu.

Bulu buku ndi amakaniko awiriwo onse akhoza kukhala akunena zoona, kungoti aliyense akunena za chinthu chake. Woyamba wayang'ana thupi la galimoto. Wachiwiri wayang'ana injini. Bulu buku nayo nthawi zambiri imasunga chaka chimene galimoto inalembetsedwa kuno, osati chaka chimene inatuluka mufakitale. Galimoto imene inagwira kaye ntchito kwina, kenako n'kulowa m'dziko muno itatha zaka zisanu, mapepala ake amayamba kuwerenga pa tsiku limene inafika. Nambala puleti nayonso ndi chimodzimodzi: imanena za kulembetsa basi.

Tiyeni tiwerenge RN40R monga amawerengera a Toyota eni ake. Chilembo choyamba ndi banja la injini imene galimoto inabadwa nayo. R ndi banja la injini za petulo zimene muli 12R, 18R, 20R ndi 22R. Chilembo chachiwiri ndi mtundu wa galimoto, ndipo N ndi Hilux. Manambala awiriwo akunena m'badwo ndi kapangidwe. Hilux yoyamba inatuluka mu 1968 ndi dzina loti RN10, yachiwiri mu 1972 ndi ma 20, ndipo yachitatu mu 1978 ndi ma 30 ndi ma 40. Pa m'badwo wachitatuwu, ma 30 ndi afupiafupi, ma 40 ndi aatali. RN40 ndi yaitali, yokoka ndi matayala akumbuyo okha, ya injini ya 12R ya 1587 cc. Ikanakhala ya 18R mukanaona RN41, ikanakhala yokoka ndi matayala onse anayi mukanaona RN46, ndipo ikanakhala yobadwa ndi dizilo mukanaona LN40, chifukwa L ndiye banja la dizilo. R womaliza uja sakunenanso za injini ayi. Akunena kuti chiwongolero chili kudzanja lamanja, monga galimoto zathu kuno. Zopita kumaiko oyendetsa mbali inayo zimakhala ndi L pamalo amenewo.

Ndiye ngati kachitsuloko ndi ka galimoto yomweyi, Hilux ya bambo inapangidwa pakati pa 1978 ndi 1983, ndipo inatuluka mufakitale ikumwa petulo. Injini ya dizilo inaikidwamo pambuyo pake.

Ndanena kuti "ngati" mwadala, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Kachitsulo kaja kamangogwidwa ndi tizitsulo tiwiri kapena tinayi tokhomera, ndipo kamakhala pa mutu wa galimoto, osati pa chasisi. Mutu umachotsedwa. Mapikapu akale ambiri amene akuyenda m'misewu yathu, makamaka amene anakhalapo pa matola, ndi galimoto ziwiri kapena zitatu zimene zinasanduka imodzi: chasisi cha iyi, mutu wa ija inagubuduzika, injini ya minibasi, giyabokosi yogula ku Ndirande kapena kwa Biwi. Sindikunyoza ntchito imeneyi ayi. Ndi luso limeneli lomwe lasunga galimotozi zaka makumi anayi m'dziko limene masipeya atsopano ndi odula. Koma zotsatira zake n'zakuti dzina lenileni la galimoto silili pa baji ya pa chitseko, silili pa mawu a TOYOTA a kumbuyo, ndipo silili pa kachitsulo kokha. Lili pa nambala imene anaidinda pa chitsulo cha chasisi chenichenicho.

Ifuneni nambala imeneyo. Pa ma Toyota a nthawi imeneyo imakhala pambali pa mtanda wa chasisi, kawirikawiri kudzanja lamanja, pafupi ndi tayala. Yambani kutsogolo: pindani chiwongolero mpaka kumapeto kuti tayala lipatuke, muyang'ane chitsulo chimene chili kuseri kwake. Mukapanda kuipeza, tsatani mtandawo mpaka kumbuyo, kenako muonenso mbali inayo. Pa galimoto imene yakhala pansi pa mtengo mudzapeza dothi louma losakanikirana ndi girizi, mwinanso njira za chiswe. Nyowetsani ndi palafini, dikirani pang'ono, kenako tsukani ndi bulashi ya mawaya ofewa. Chonde musayandikizepo galainda kapena sandipepala wokhakhala. Manambalawa sanalowe kwambiri m'chitsulo, ndipo mukawadya ndiye kuti apita. Choipa kuposa pamenepo, malo opalidwa ndi galainda amaoneka ngati munthu amafuna kufufuta nambala, ndipo wapolisi aliyense wodziwa ntchito yake adzakufunsani mafunso ovuta. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakayera, pakanipo choko n'kupukuta pamwamba ndi chala kuti choko chitsalire m'maenje a zilembo. Njira ina ndi kuikapo pepala n'kumakhwekhweresa pensulo mogoneka mpaka nambala itatuluka papepalapo. Ngati dzimbiri ladya kwambiri, bwerani madzulo ndi tochi, muunike chammbali osati molunjika, chifukwa mthunzi umaonetsa zimene dzuwa limabisa. Jambulani ndi foni kangapo.

Chimene mudzaone chidzafanana ndi ichi: RN40, kamzere, kenako manambala otsatizana. Gawo loyambalo ndi mtundu, lachiwirilo ndi nambala ya galimoto yanuyo pamzere wa zinzake. Tsopano yerekezani malo atatu: chasisi, mzere wolembedwa FRAME No. pa kachitsulo, ndi bulu buku. Werengani chilembo chimodzichimodzi, ndipo wina akhale akukutsatirani papepala. Chenjerani ndi 8 ndi B, 5 ndi S, 2 ndi Z, 6 ndi G, 0 ndi D. Zolakwika zambiri zimene ndakumana nazo m'mapepala a galimoto zakale sizinali zakuba, koma kalaliki amene anakopera ndi dzanja kalekale n'kusintha chilembo chimodzi, ndipo aliyense wobwera pambuyo n'kumangokopera cholakwikacho.

Zonse zitatu zikagwirizana, mtima ukhale pansi. Chasisi chikanena zina, mwachitsanzo LN40 kapena LN56, ndiye kuti mutu ndi umene unachokera kwina, ndipo mwina injini ya diziloyo ndi yake yeniyeni ya chasisicho. Pamenepo nkhani yonse imatembenuka, ndipo LN56 ingakhale ya m'badwo wachinayi umene unayamba mu 1983, zimene zingagwirizane bwino ndi 1986 ya mu bulu buku. N'chifukwa chake sindikufuna mugulenso kanthu musanagone pansi pa galimotoyo.

Pali zinanso zooneka ndi maso zimene zingakuthandizeni kutsimikiza. Hilux yokoka kumbuyo kokha ya zaka zimenezo imakhala ndi mabawuti asanu pa tayala, pamene yokoka konse imakhala ndi asanu ndi limodzi. Kutsogolo kwa RN40 simupeza masipuling'i opotana ngati a m'badwo wa ma 20. Mupeza ndodo yachitsulo yaitali mbali iliyonse, imene imapotoka galimoto ikagunda bampu. Yokoka konse ya m'badwo womwewo ili ndi ekiselo yathunthu kutsogolo yokhala pa masipuling'i a masamba. Onaninso kansalu kosokerera kumunsi kwa lamba wa pampando, ngati malamba akadali oyambirira, chifukwa opanga malamba amalembapo chaka. Kansaluko kamanena za mutu wa galimoto, osati chasisi, koma ndi mboni yabwino.

Mwina ana a masiku ano akuuzani kale kuti mungolemba nambalayo pa intaneti ndipo zonse zituluka, kapena kuti chilembo chakhumi ndiye chaka. Ndifotokoze pang'ono, chifukwa nkhani imeneyi yasocheretsa anthu ambiri. Nambala ya zilembo 17 imene amaitcha VIN inakhazikika ku America kuyambira galimoto za 1981. Mu nambala imeneyo mulibe I, O ndi Q, kuopa kusokoneza ndi 1 ndi 0. Zilembo ziwiri kapena zitatu zoyamba zimanena dziko ndi kampani: JT ndi Toyota ya ku Japan, AHT ndi Toyota yopangidwa ku Durban ku South Africa, MR0 ndi Toyota ya ku Thailand, JN ndi Nissan ya ku Japan, SAL ndi Land Rover, VF3 ndi Peugeot. Pa galimoto zogulitsidwa ku America, chilembo chakhumi chimanenadi chaka: B ndi 1981, G ndi 1986, L ndi 1990, Y ndi 2000, kenako 1 mpaka 9 kuimira 2001 mpaka 2009. Koma lamulo limeneli ndi la msika wa kumeneko. Hilux zambiri zopangidwira kuno ku Africa zili ndi zilembo 17 koma pamalo akhumipo pali 0 chabe, wosanena chaka chilichonse. Ndipo galimoto zopangidwira msika wa ku Japan komweko, zimene timaitanitsa kudzera ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, zilibe VIN n'komwe mpaka lero. Zili ndi nambala ya chasisi ya mtundu womwe uja wa galimoto yanu. Ndiye mukalemba RN40 yanu pa tsamba lowerenga VIN n'kukuuzani kuti nambalayo ndi yolakwika, musadandaule. Tsambalo likufuna chinthu chimene galimoto yanu sinakhalepo nacho.

Chimene chimathandiza ndi buku la masipeya la Toyota, limene masiku ano lili pa kompyuta kwa ogulitsa Toyota ovomerezeka ndiponso pa masamba ena a intaneti. Mumalembamo mtundu ndi nambala ya chasisi, ndipo likaizindikira limakuuzani mwezi ndi chaka chimene galimoto inapangidwa. M'bukumo nthawi imalembedwa ndi manambala anayi, awiri a chaka ndi awiri a mwezi, kotero kuti 8108 ndi Ogasiti 1981. Mwezi ndi wofunika chifukwa a Toyota amasintha zipangizo pakati pa m'badwo umodzi womwewo, ndipo sipeya imodzi imalembedwa kuti imagwira kuyambira mwezi wakuti kufika mwezi wakuti. Pa galimoto zakale kwambiri kompyuta nthawi zina siibweretsa nambalayo, koma mtundu wathunthu wa pa kachitsulo umakwanira kutsegula tsamba loyenera.

Bwererani ku kachitsuloko mukakopere zonse, osati mizere iwiri yokha. Pambuyo pa RN40R pali kamzere ndi zilembo zina zingapo. Zimenezo zimanena za mutu wa galimoto, giya, ulemerero wa m'kati ndi msika umene galimotoyo inapangidwira, ndipo wogulitsa masipeya wodziwa ntchito amazifuna zonse. Tanthauzo la zilembozi limasinthasintha ndi m'badwo, choncho musatenge tanthauzo la pa Hilux ya 2005 n'kuliika pa ya 1980. Palinso mzere wa utoto ndi mipando, ndipo nambala ya utoto ndi ya manambala atatu: yoyamba ndi 0 ndi yoyera, ndi 2 ndi yakuda, ndi 3 ndi yofiira, ndi 6 ndi yobiriwira, ndi 8 ndi ya buluu. Mukafuna kuibwezera mtundu umene bambo anaigula nawo, osakaniza penti adzafuna nambala imeneyo. Ndipo ngati kachitsulo kakunena zofiira pamene pansi pa mphasa ndi kuseri kwa mipando kuli koyera kuyambira kale, ndiye kuti kachitsuloko kanachokera pa galimoto ina.

Mzere umene anthu ambiri amaudumpha, koma ine ndimaukonda, ndi wa giyabokosi ndi difu. Nambala ya difu imakhala chilembo ndi manambala atatu. Chilembo chimanena kukula kwa giya yaikulu ya mu difu, ndipo G ndi ya mainchesi 8. Manambala awiri otsatira amanena kuti shafiti imazungulira kangati kuti tayala lizungulire kamodzi: 29 ndi 4.10, 28 ndi 4.30, 25 ndi 4.56, 14 ndi 4.88. Pa galimoto yokoka kumbuyo kokha, kusintha difu kumangosintha liwiro ndi mphamvu yokwerera phiri. Koma amene ali ndi yokoka konse asamale kwambiri: difu yakutsogolo ndi yakumbuyo zikasiyana, tsiku limene mudzalowetse matayala onse pamalo ouma, china chake chidzathyoka. Ndinaonapo galimoto ya munthu wina itaphwanya bokosi logawa mphamvu patangotha sabata ataiikira difu yogula pamsika, chifukwa choti palibe amene anawerenga manambala atatuwo kapena kuwerenga mano a giya.

Tsopano injini. Makaniko wachiwiri uja, amene anati 1990, ayenera kuti anaona chinachake chenicheni. Injini iliyonse ya Toyota ili ndi malo osalala pambali pa buloko pamene anadindapo mtundu wake ndi nambala yake. Tsukani monga munachitira pa chasisi. Ngati ndi ya banja la L, mupeza chimodzi mwa izi: L ya 2188 cc, 2L ya 2446 cc, 3L ya 2779 cc, kapena 5L ya 2986 cc. Kunja zimafanana kwambiri moti munthu wongosuzumira sangazisiyanitse, ndipo anthu ambiri amangoti "thu elo" pa zonse. Koma mapisitoni, malingi ndi gasiketi sizilowana. Ngakhale 2L yeniyeniyo ili pawiri. Cha mu 1988 a Toyota anaikonzanso: yakale ili ndi timikono tokankha mavalavu, pamene yatsopano kamushafiti imakankha mavalavu mwachindunji. Silinda hedi, lamba wa taimingi ndi zina zambiri ndi zosiyana pa ziwirizi. Mukavundukula chivundikiro cha pamwamba pa injini mudzaona nokha kuti yanu ndi iti. 3L inayamba nthawi yomweyo ya 1988, ndiye ngati pa buloko palembedwa 3L, makaniko wanuyo sanaphonye kwenikweni, kungoti anatchula zaka za injini ngati za galimoto yonse. Injini zimenezi zinalinso mu Hiace, ndipo zambiri zimene zinalowa m'mapikapu athu zinachokera m'maminibasi; zikatero sampu ndi zogwirira injini zimakhala zosinthidwa kapena zowotcherera.

Kalachi yanu inakanika chifukwa munagula ya RN40 ya petulo, kapena ya "Hilux ya 1986", pamene kalachi simvera chaka cha galimoto. Imamvera zinthu ziwiri: fulaiwilo ya injini imene ilimo, ndi shafiti ya giyabokosi imene ilimo. Amene anaika dizilo ayenera kuti anabweretsanso giyabokosi yake, kapena chigoba cholumikizira injini ndi giyabokosi. Chotsani kalachi yakaleyo, yezani kukula kwake ndi tepi, werengani mano a pakati pake, ndipo pitani nayo m'manja kusitolo. Kuyambira lero muziganiza za galimotoyi ngati nyumba ya mabanja atatu. Za mabuleki, chiwongolero, mabushi, magalasi ndi nyali, tchulani mtundu wa pa chasisi. Za mafyuluta, mapampu, malamba ndi gasiketi, tchulani mtundu wa pa buloko. Za giyabokosi ndi difu, tchulani zimene mwapeza pa izo zokha. Masipeya enieni a Toyota ali ndi nambala ya manambala khumi, asanu kamzere asanu, ndipo asanu oyambawo amanena mtundu wa chipangizo: 31250 ndi mbale ya kalachi, 16100 ndi pampu ya madzi, 04465 ndi mapadi a buleki akutsogolo, 04495 ndi nsapato za buleki. Mukaipeza nambala yotere pa chipangizo chakale, ilembeni m'kope.

Pali chinthu chimodzi chokhudza moyo wanu chimene ndikupemphani muchione musanaiyendetse ngakhale kupita pa msika. Injini ya petulo imapereka yokha mpweya wokoka umene umathandiza buleki kuti igwire mosavuta. Ya dizilo sitero. Pa injini za L ntchito imeneyo imagwiridwa ndi kapampu kamene kali pa alitaneta. Galimoto zosinthidwa kuchoka ku petulo kupita ku dizilo nthawi zina mumapeza anaikamo alitaneta wamba wopanda kapampuko, kapena paipi yake inang'ambika kalekale. Buleki imalimba ngati mwala ndipo galimoto yodzaza matumba siima pa nthawi yake. Onaninso ndodo za kutsogolo zija, chifukwa dizilo ndi yolemera kuposa 12R imene zinapangidwira kunyamula.

Popeza ena owerenga ali ndi mitundu ina, ndinene mwachidule kuti kawerengedwe ka Toyota ndi komweko pa abale ake a Hilux. Stout, imene achikulire amaikumbukira ikunyamula katundu wa tani ndi theka, chilembo chake ndi K, monga RK101 ndi RK110. Land Cruiser ndi J: FJ45 ndi ya petulo ya banja la F, HJ45 ndi HJ47 ndi za dizilo ya masilinda asanu ndi limodzi, ndipo HZJ75 ndi HZJ79 ndi za injini ya 1HZ ya malita 4.2 imene inayamba mu 1990. LN106, imene alimi ndi mabungwe ankaikonda chifukwa cha ekiselo yake yathunthu kutsogolo, ndi Hilux ya m'badwo wachisanu wa 1988 yokhala ndi 3L. Koma chenjerani ndi zochokera ku Joni: fakitale ya ku Durban inapitiriza kupanga thupi la m'badwo wachinayi mpaka 1997, Japan atalisiya kalekale, ndiye Hilux yooneka ya 1985 ikhoza kukhala ya 1995.

Ku Datsun ndi Nissan, manambala 520, 620 ndi 720 ndi mibadwo yotsatizana, 620 kuyambira 1972 ndipo 720 kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kenako D21 imene timaitcha Hardbody. Pa zimenezi L patsogolo pa nambala, monga PL620, amanena chiwongolero cha kumanzere. Kabaki kakang'ono ka Nissan 1400 ndiye kovuta kwambiri kukadziwa ndi maso. Kanayamba ngati Datsun 1200 mu 1971, ndipo fakitale ya ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria inakapanga mpaka 2008 thupi lake osasintha kwenikweni. Aliyense wokugulitsani kameneka n'kumatchula chaka pakamwa, m'pempheni muone chasisi. Peugeot 404 nayo inapitirira kupangidwa ku Kenya mpaka 1991, ku France itasiyidwa kale. Land Rover zakale za m'maesiteti ndi za boma zili ndi nambala yodindidwa kutsogolo kwa chasisi kudzanja lamanja, pa chitsulo chogwira sipuling'i, malo amene amachita dzimbiri msanga ndipo amawotchereredwa kawirikawiri. Zimene zili ndi zilembo 17, SALLB ndi Series III ndipo SALLD ndi 90 kapena 110. Za ku America ndi zosowa kuno, koma mukakumana nayo Chevrolet, C10 ndi yokoka kumbuyo ndipo K10 ndi yokoka konse. Pa Ford yakale, nambala yoyamba ndi F10 ndi F-100 ndipo yoyamba ndi F25 ndi F-250.

Kwa amene akuganiza zogula pikapu yakale m'malo molandira ya makolo, mawu anga ndi oti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Penti watsopano asakukopeni. Yang'anani ngati tizitsulo togwira kachitsulo kaja tikuoneka tatsopano pamene china chilichonse ndi chakale. Yang'anani ngati manambala a pa chasisi ali pamzere umodzi, akuya kofanana ndi a msinkhu umodzi, chifukwa a kufakitale amadindidwa mwadongosolo pamene a pamanja amavinavina. Pitsani dzanja kuseri kwa mtanda kuti mumve ngati pali chigamba chowotcherera, ndipo dabwani mukapeza kuti malo a nambala okha ndi amene apakidwa penti wakuda. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, bwezani ndalama m'thumba.

Inuyo nkhani yanu ndi ina, chifukwa galimoto ndi ya pakhomo. Komabe mapepala ayenera kulongosoka. Onani nambala ya injini imene ili mu bulu buku. Ngati ikuyamba ndi 12R, ndiye kuti bambo anasintha injini koma sanakalembetse, zimene zinkachitika kwambiri kumidzi. Funsani mayi kapena abale ngati pali lisiti kapena kalata ya kumene injiniyo inagulidwa. Fufuzani m'sutikesi imene bambo ankasungamo mapepala a fodya. Kenako pitani ku ofesi ya Road Traffic ndi bulu buku, zithunzi za manambala onse ndi makalata osonyeza kuti banja lakupatsani mphamvu pa chuma cha masiye, mukafunse ndondomeko yosinthira umwini ndi nambala ya injini nthawi imodzi. Yembekezerani kuti galimotoyo idzafunika kuonedwa ndi apolisi. Mukapeza kuti chilembo chimodzi chinalakwika mu bulu buku, chokonzedwa ndi pepala, osati chitsulo. Munthu wina akadzakuuzani kuti ali ndi zodindira ndipo akhoza "kukonza" nambala ya pa chasisi kuti igwirizane ndi buku, kapena kuidindanso chifukwa yafufutika, mukaneni. Ngakhale galimoto ili yanu ndithu, nambala yodindidwa pagalaja imaisandutsa yokayikitsa moyo wake wonse, ndipo inuyo mukhoza kulowa m'mavuto. Nambala yodyedwa ndi dzimbiri mukaionetse kwa akuluakulu momwe ilili.

Mukamaliza kutsuka ndi kujambula, pakani girizi pang'ono pa nambala ya chasisi kuti dzimbiri lisapitirire. Gulani kope laling'ono lokhala mu galimoto momwemo, mulembemo mtundu wathunthu wa pa kachitsulo, nambala ya chasisi, mtundu ndi nambala ya injini, kukula ndi mano a kalachi, ndi nambala ya sipeya iliyonse imene yalowa bwino. Ndipo musanayese kuiliza, chotsani ma heater plug (mapulagi otenthetsa injini poiliza), thirani mafuta pang'ono m'masilinda, muizungulitse ndi sipanala kaye, ndipo lamba wa taimingi musinthe ngakhale akuoneka wabwino, chifukwa wakhala zaka ali chiumire ndipo akaduka pa injini ya L mapisitoni amagunda mavalavu. Mukapeza zimene zalembedwa pa chasisi ndi pa buloko, ndilembereninso kuti tione limodzi kuti lamba woyenera ndi uti.